Chitupa cha Ababa

Ababa anali ndi benchi lawo m'tiyirumu yanga, la pafupi ndi khomo, pamene pamalowera kamphepo kochokera ku Shire. M'mawa uliwonse akatuluka mumzikiti ankadzera pamenepo asanatsikire kudoko kumene amakhoma maboti. Tiyi wawo ndinkathira ndekha m'kapu yachitsulo imene sindinkapatsira munthu wina, ndipo tsiku lililonse ankadandaula kuti shuga wachepa. Kuchipatala anawaletsa shuga kalekale. Ndinkawayankha kuti akafuna wotsekemera akamwe kwa ana awo ena, ngakhale tonse tinkadziwa kuti mwana wawo wotsala kuno ku Mangochi ndine ndekha.

Ndine ndekha, ndikapanda kuwerengera woyimba uja. Dzina lake sinditchula. Anakulira kuseri kwa mpanda wathu kwa Mponda. Mayi ake ankapita ku Makanjira kukagula usipa n'kukhalako masabata, ndiye iye ankadyera kwathu, kusambira kwathu, kukwapulidwira kwathu komweko. Ababa pa unyamata wawo anali katswiri wa ng'oma ya beni, ndipo ndiwo anamuphunzitsa kuomba pa chitini cha penti. Atakula anapita kutauni, nyimbo zake zinayamba kumveka pa wailesi, kenako nkhope yake inafika pa kanema ndi pa malaya a achinyamata. M'nyimbo ina anaikamo mawu othokoza mmisiri wa maboti wa kwa Mponda amene anamulera. Ababa, amene ankati nyimbo za masiku ano ndi phokoso la zitini, nyimbo imeneyo ikayamba ankakweza wailesi n'kumanamizira kuti akudikira nkhani.

Tsiku lina anabwera pa galimoto yoyera, fumbi lili koboo, ana a m'mudzi monse akuithamangira. Anatsika, anavula magalasi akuda, nanjuta pamaso pa Ababa ngati mmene ankachitira kale. Anatsitsa thumba la mpunga ndi foni yatsopano. Kenako anafotokoza chimene anadzera. Anati akufuna kuthandiza asodzi a kwathu. Akhazikitsa kalabu ya asodzi, aitanitsa injini za maboti kuchokera kunja, ndipo katundu wa kalabu yotere amalowa m'dziko popanda msonkho. Chimene chinkasowa ndi wapampando, munthu wamkulu wodziwika kudoko.

"Ababa, ine ndilibe wina," anatero. "Mungondibwereka chitupa chanu, ndi chala chanu papepala ili. Zina zonse ndiyendetsa ndekha."

Ndinene zoona, popeza ndayamba kale. Amene anakatenga chitupacho m'sutikesi ndine. Ndinamukazingiranso chambo. Kuno chitupa cha unzika timabwerekana ngati lichero. Wina akufuna kulembetsa nambala ya foni, wina akufuna feteleza, amangobwera n'kupempha. Munthu akakupempha mwaulemu iwe n'kumukaniza, zimakhala ngati wamutchula wakuba. Nanga uyu, mwana wa m'nyumba, wotchuka dziko lonse, akanatibera chiyani ife? Ababa anadinda chala chawo, napukutira inki pa mkanjo wakale.

Injinizo kudoko sitinazione. Chimene tinkaona ndi anthu ake, amene anabwera maulendo angapo ndi mapepala ena, Ababa n'kumadinda. Asodzi poyamba ankafunsa, kenako anatopa. Chaka chinatha, china chinayamba.

Ndiye kunabwera mayi wa ku ofesi ya msonkho. Ndinali nditawapititsira Ababa chakudya chamasana kudoko pamene anafika. Anali mayi wamfupi, wa nsapato zafulati, atanyamula chikwama chodzaza mapepala. Anapereka moni mwaulemu, anakhala pa boti lovundikira, n'kufotokoza pang'onopang'ono. Injini zinalowadi m'dziko, maulendo angapo, popanda msonkho, m'dzina la kalabu ya asodzi. Zonse zinagulitsidwa kwa anthu a malonda m'matauni. Kalabuyo inalipo papepala pokha, ndipo papepalapo dzina linali limodzi, la wapampando.

"Bambo, chala ichi ndi chanu?"

"Ndi changa."

"Injinizo zili kuti?"

"Zinapita."

"Mapepalawa anakubweretserani ndani?"

Ababa anayang'ana kumadzi. "Ndakalamba, amayi. Ndaiwala."

Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amadziwa. Ndinatsegula pakamwa, koma Ababa anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinatseka. Mayi uja anaona zimenezo. Anayang'ananso bwato la Ababa limene linali pamchenga, ndi nkhafi yake yothetheka m'mphepete, n'kufunsa ngati amayendera lomwelo. Ababa anati inde. Iye analemba kanthu m'kabuku, anatsanzika, n'kumapita.

Kunyumba ndinalavula zonse. Ndinati Ababa, mukudziwa kuti mukamangidwa? Ndinawakumbutsa za miyendo yawo imene imatupa, za mapiritsi a m'mawa ndi madzulo, za zakudya zimene sadya. Munthu wotere kundende sakatha mwezi. Iwo anandimvetsera mpaka mpweya unandithera.

"Mwanangu, mwana amene wadyera m'mbale yanga sindingamupereke ndi pakamwa panga. Akabwera yekha, zili bwino. Akapanda kubwera, Allah akuona. Mpunga wake tinadya, iwenso unadya. Nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu."

Ananena mwambiwo ngati ndi lamulo la boma. Ndinati zipote, koma zisakakupotereni kundende. Anadzuka n'kupita kukatawaza kuti aswali, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa mwake, Ababa atangochoka, mayi uja analowa m'tiyirumu. Anaitanitsa tiyi ndi mandasi awiri, ndipo analipira ngakhale ndinakana. Anati wagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, ndipo sanaonepo munthu woitanitsa injini kunja akupalasa bwato ndi nkhafi.

"Koma achemwali, mtima wanga sungaime m'khoti. Pepala likunena bambo anu, ndipo iwonso akuvomereza. Pakapanda kupezeka wina woyankhula, chisamani chipita kwa iwo. Fayilo iyi ndingathe kuigwira masabata awiri. Kupitirira apo sindingathe."

Mayi ameneyo akanatha kutseka fayilo tsiku loyamba lomwelo. Anali ndi dzina, anali ndi chala, anali ndi munthu wovomera. Akanabwerera ku ofesi ntchito atamaliza, palibe akanamudzudzula. M'malo mwake anayenda wapansi kudzafuna tiyirumu ya munthu wosamudziwa. Mpaka lero ndikamuganiza ndimamupempherera.

Ndinayamba ndi kumuimbira woyimba uja. Anayankha mwansangala.

"Achemwali! Zazing'ono izo, musadandaule. Ndili ndi anthu anga, ndikonza. Ababa asayankhule chilichonse."

"Iwe, Ababa akamangidwa."

"Sizingatheke. Ndipatseni masiku atatu."

Masiku atatu anakwana, foni yake inasiya kulowa. Pa Fesibuku ndinkamuona ali pa nsanja kutauni, atavala zonyezimira, manja ali m'mwamba. Sabata yoyamba inatha chonchi.

Ababa akamapita ku swala ya Lachisanu foni amaisiya pawindo. Sadziwa kuwerenga uthenga wolemba, ndiye woyimbayo ankawatumizira mawu ojambula pa Watsapu, ndipo iwo sankafufuta ngakhale amodzi, chifukwa ankakonda kumvetsera mawu a mwana wawo. Lachisanu limenelo ndinatseka tiyirumu, ndinadikira kuti akhote pa mtengo wa mango, ndinatenga foniyo n'kukwera kabaza. Ku ofesi mayi uja anamvetsera uthenga umodzi umodzi. Mawu amene dziko lonse limawadziwa ankamveka bwinobwino: Ababa, mawa nditumiza munthu ndi mapepala ena, mungodinda, musavutike n'kufunsa.

Sindinafune kuti akamve kwa wina. Masana omwewo ndinatsikira kudoko. Ndinawapeza akumata ming'alu ya boti ndi thonje ndi phula. Ndinagwada, ndinaika foni pathabwa, n'kunena zimene ndachita. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino, chifukwa kukangana ndimakutha. Anangopitiriza kukhoma thonje lija, go, go, go, ngati palibe munthu. M'mawa mwake ndinawaona akuchokera kumzikiti, anawoloka msewu, nadutsa tsidya linalo maso ali kutsogolo. Tiyi amene ndinawathirira anazizira m'kapu.

Woyimba atamangidwa, Mangochi yense anagwedezeka. Nkhani inali m'kamwam'kamwa, ndipo sipanatenge nthawi kuti anthu adziwe amene anatenga foni. Makasitomala anga ena anasamukira kwa mnzanga wa tsidya lina. Amayi a mumsika ankati ndi nsanje, mwana wa kwathu mmodzi yekha watulukira ife n'kumugwetsa. Achinyamata ankati munthu amene waika Mangochi pa mapu angomukhululukira, msonkho n'chiyani, akuluakulu akuba zoposa pamenepo. Ine ndinkawafunsa kuti nanga mayi wina wa zitumbuwa amene anamulanda beseni chifukwa chosowa tikiti ya mumsika, bwanji simunamuyendere ndi zikwangwani? Ankangondiloza ndi milomo.

Koma amene ankandiyamikira ankandinyansa koposa. Ankabwera kudzandigwira chanza, ati mwachita bwino, amenewa amadzimva, akaolere kundende. Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa za miyendo ya Ababa. Iwo ankangofuna kuona munthu wotchuka atavala za akaidi kuti ajambule. Komabe ndisanamizire kuyera mtima. Inenso ndinkafuna akalowe, ndipo ndinkafuna akalowe nthawi yaitali. Benchi la pakhomo likakhala lopanda munthu m'mawa, ndinkamuwonjezera chaka mumtima mwanga.

Tsiku la mlandu kukhoti kunalibe poponda. Kunja achinyamata ankaimba nyimbo zake mpaka apolisi anawakankhira kumsewu. Ababa anaitanidwa ngati mboni. Anavala mkanjo woyera ndi kofiya ya pa Idi, ndipo anakhala patsogolo panga osatembenuka. Woyimbayo anali ataonda. Popanda magalasi ndi zonyezimira zija ankangooneka ngati mwana wa kuseri kwa mpanda.

Loya wake anali wakuthwa pakamwa. Anaimirira n'kuyamba kuyala nkhani mokoma: kasitomala wake ndi munthu wa luso, za mapepala sazidziwa, anangothandiza ndi mtima wabwino. Kalabu ili ndi wapampando, ndipo chala chimene chili pa pepala lililonse ndi cha wapampandoyo. Mawu a pafoni aja angatanthauze zambiri. Ndinadziwa kuti akawafunsa Ababa, ayankha zomwe zija, kuti chala ndi chawo ndipo zina aiwala. Ndinaona kuti zonse ndinachita zija zikhoza kupita pachabe, Ababa n'kukalowabe, atandida kale.

Loya uja anatembenukira kwa Ababa. "Bambo, uzani bwalo lino. Pamene munkadinda mapepalawa, munkadziwa kuti ndinu mwini kalabu, si choncho?"

Ababa anatsegula pakamwa. Koma mawu amene anamveka sanali awo.

"Ababa sankadziwa kanthu."

Loya anatembenuka msanga, akukodola woyimbayo ndi dzanja kuti akhale pansi. Iye anakhalabe chiimire.

"Sadziwa kuwerenga. Ndinawauza kuti injinizo ndi za asodzi. Ndinagulitsa ndine, ndalama ndinadya ndine. Musawafunsenso, bwana. Mlanduwu ndikuuvomera."

Ine ndinalira mokweza mpaka wapolisi anandiyang'ana. Ndinali ndisanamukhululukire, koma ndinamva ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Ababa anatsika pamalo a mboni pang'onopang'ono, atagwira thabwa, ndipo sanayang'ane aliyense.

Chigamulo chinaperekedwa patapita masiku. Woweruza anali bambo wa imvi, woyankhula motsitsa moti anthu akumbuyo ankachita kutchera khutu. Anati wamva kuti kunja kuli anthu ofuna kuti womangidwayo amasulidwe chifukwa amaimba bwino, ndi ena ofuna kuti alangidwe koopsa chifukwa chomwecho. Anati bwalo lake siliweruza nyimbo. Chimene chinakulitsa mlanduwo, anatero, ndi chala cha nkhalamba imene inamukhulupirira. Chimene chinauchepetsa n'chakuti aka kanali koyamba, ndipo anavomera pa nthawi imene akanatha kuukankhira kwa wina. Analamula kuti abweze msonkho wonse umene anazemba, alipire chindapusa, ndiponso agwire ntchito yothandiza anthu kwa miyezi ingapo mumsika wa nsomba. Ndende inaimikidwa pambali, kumudikira ngati angalakwenso kapena kujomba.

Ndinatuluka nditakwiya. Ndinati kusesa? Munthu wafuna kupha Ababa, chilango chake tsache? Kunjako achinyamata nawonso anali atakwiya, ati amuchititsa manyazi. Woweruza uja tsiku limenelo sanasangalatse munthu.

Msika wa nsomba uli pafupi ndi tiyirumu yanga, choncho chilangocho ndinachionera ndekha. Galimoto yoyera ija inagulitsidwa, nyumba imene ankamanga inaima pa mawindo. Ankabwera pa kabaza m'mamawa, n'kupatsidwa tsache, fosholo ndi wilibala. Tsiku loyamba anthu anadzaza ngati kuli dansi. Achinyamata anamulanda tsache n'kusesa msika wonse m'malo mwake, iye ataima pambali. Bambo woyang'anira ntchitoyo anawasiya mpaka anamaliza, anawathokoza, kenako anamuuza woyimbayo kuti tsiku limenelo silinawerengedwe. Mawa lake palibe wina anakhudza tsachelo.

Sabata yachiwiri ojambula anachepa. Yachitatu anthu ankangomudutsa, ena n'kumamuuza kuti apa mwasiyapo mamba. Ankatola matumbo a nsomba m'ngalande, ntchentche zili ng'waa, amayi omwe ankamuvinira aja akumukalipira kuti asawathire madzi pa malonda. Ndikamuona chonchi, ukali wanga unayamba kuphwa wokha. Ndinaganiza kuti akanapita kundende, anthu akanamupekera nyimbo, n'kudzatuluka ngati ngwazi, ine n'kukhala mfiti ya m'mudzi mpaka imfa. Boma silikanapeza kanthu, ndipo Ababa akanamwalira akudziimba mlandu kuti anamangitsa mwana. Apa anabweza zimene anatenga, ndipo tonse amene timadula tikiti m'mawa uliwonse tinamuona akuwerama pamalo pomwe timawerama ife. Woweruza uja anaona patali kuposa ine, ndipo ndimamuthokoza kuti sanamvere mtima ngati wangawu.

Tsiku lina woyimbayo anaimika wilibala pakhomo panga. Anasamba m'manja nthawi yaitali, analowa, n'kuima ngati mlendo.

"Achemwali, ndinalakwa."

"Ukanayankha foni."

"Ndinkaopa."

Ndinamuuza kuti mawu amene ananena m'khoti aja ndinawamva, ndipo sindidzawaiwala. Kenako ndinamuthirira tiyi n'kumulipiritsa mtengo wonse, ndi wa mandasi womwe. Anaseka, inenso ndinatsala pang'ono kuseka. Anandiuza kuti akaweruka amatsikira kudoko kukagwirira Ababa matabwa, ndipo Ababa amamutukwana kuti manja ake anafewa ngati a mkwatibwi. Zinandipweteka. Wolakwa anali atabwerera kale m'nyumba, ine wopulumutsa ndikuonerabe msana wa Ababa tsidya la msewu. Chakudya ndinkawatumizira, ankadya, mbale n'kubwera zotsuka, koma mawu ayi.

Kapu yawo sindinaichotse pa shelefu. M'mawa uliwonse ndinkaitsuka ngakhale inali yoyera.

Linali Lachiwiri, mvula itagwa usiku, msewu uli matope. Ndinali nditawerama kukoleza mbaula pamene ndinamva benchi la pakhomo likulira mmene limalirira munthu akakhalapo. Ababa anali atakhala, ndodo ili pakati pa miyendo, akuyang'ana kumsika. Ndinkaopa kuti ndikayankhula adzuka. Ndinatenga kapu ija, ndinathira tiyi, ndinaika patsogolo pawo. Anamwa pang'ono. Kenako anapisa m'thumba la mkanjo, anatulutsa kanthu kokulunga m'pepala la pulasitiki, nakakankhira kumbali yanga ya tebulo. Chinali chitupa chawo.

"Sunga iwe," anatero. "Ine wina akadzabweranso n'kunjuta, ndidzamupatsa."

Ndinachitenga ndi manja awiri. Misozi inali itayamba kale, ndiye ndinatembenukira kumbaula ngati utsi wandilowa m'maso. Kumbuyo kwanga ndinamva supuni ikuzungulira m'kapu.

"Amayi," anandiitana Ababa, "shuga wachepa."